Tiziwaimbirabe ngakhale tilibe chotumiza

Aliyense amene amagona kuhositelo analionapo khalidwe ili, ndipo ambiri a ife tinalichitapo. Foni ili pabedi, yalira kamodzi n'kuduka. Mwini wake waitola, wayang'ana dzina, wausa moyo, kenako waivundikira ndi pilo n'kupitiriza kuwerenga manotsi. Mukamufunsa kuti akumufulashayo ndani, yankho limakhala lalifupi: "Ndi akumudzi. Ndiwaimbira mawa." Mawa lakelo limafika patatha milungu itatu, mwinanso osafika n'komwe. Khalidweli limachuluka kuyambira Januwale mpaka Malichi, nthawi imene nkhokwe zili pululu, chimanga cham'munda chisanache, ndipo mtengo wa ndowa imodzi pamsika ukukwera mlungu uliwonse.

Sikuti ndife ana opanda chikondi. Timaopa. Timadziwa, kapena timaganiza kuti tikudziwa, chimene chili kuseri kwa kufulashako: ufa watha, mwana wa achemwali amubweza kusukulu, agogo akufunika kuchipatala koma ya kabaza palibe. Ife m'thumba mwangotsala ya sopo ndi yosindikizira asainimenti, fizi ya semesita ino sitinamalize. Ndiye timawerengera chamumtima kuti kuyankha foni n'kunena kuti "ndilibe" kumapweteka kuposa kungokhala chete. Ife tikuti kuwerengera kumeneku n'kolakwika, ndipo kukutiwonongera chinthu chimene sitidzatha kuchigula tikadzayamba kulandira malipiro.

Chatisokoneza n'chakuti foni yasanduka ngati windo la kubanki. Chibwerereni Airtel Money, TNM Mpamba ndi Mukuru, ndalama imatha kuchoka ku Johannesburg m'mawa, pofika masana amalume aitapa kale kwa ejenti pamsika wa kwathu. Sitikudandaula nazo, poti ambiri a ife fizi yathu imadutsa njira yomweyi. Koma popeza mawu ndi ndalama tsopano zimayenda m'kachipangizo kamodzi, tazolowera kuti moni aliyense azitsagana ndi kauthenga kakuti mwalandira zakutizakuti. Moni wopanda kauthengako timamuona ngati wopelewera, ngati kufika pasiwa chimanjamanja. Choncho amene alibe chotumiza amasiya kuimba. Mavuto akakula kumudzi m'pamenenso ife timati zii, ndipo abale athu amatisowa pa nyengo yomwe amafunitsitsa kumva mawu athu.

Tikumbukirenso kuti kumudzi kuimba foni ndi ntchito. Foni ya pabanja imakhala imodzi, kawirikawiri ya mabatani, ndipo amasunga ndi amalume kapena mnyamata amene amatha kuwerenga mauthenga. Kuti ichajidwe, wina apalase njinga kapena ayende wapansi kukaisiya kwa wometa tsitsi amene ali ndi sola, n'kulipira. Kuti netiweki igwire, munthu akwere pachulu china chodziwika ndi mudzi wonse, kapena akaime kuseri kwa sukulu. Mayunitsi amagulidwa ndi ndalama imene ikanagula mchere kapena kulipira kuchigayo. Kulira kamodzi kuja, kumene ife timakuvundikira ndi pilo, kumakhala kutakonzedwa chiyambire dzulo.

Ndipo foni yobwereka ilibe chinsinsi. Agogo akamalankhula nafe, mwini foni amakhala ataima pomwepo kudikira chinthu chake, ana a oyandikana nawo nyumba atazungulira kumvetsera. Munthu wamkulu sanena pagulu kuti m'nyumba mwake simunafuke utsi chidzulo. Amangoti, "Tilipo, mdzukulu wanga. Kaya iwe kusukuluko?" Amayi nawo amabisa dala, poti sakufuna kuti mwana wawo alephere mayeso chifukwa cha maganizo. Nafenso timabweza bodza lomwelo: "Kuno zonse zili bwino, amayi." Anthu awiri okondana, aliyense akubisa njala yake kuti asavutitse mnzake, foni n'kudulidwa mphindi imodzi isanathe. Tikatero timadzitonthoza kuti talankhula nawo.

Dziko lathu lili ndi dzina la anthu amene anakhala chete mpaka kalekale. Timawatcha machona. Azigogo athu ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, imene pambuyo pake inkadziwika kuti Theba. Ena ankapita kumafamu ndi kumigodi ya ku Southern Rhodesia kudzera ku Mthandizi, ndipo ena ankangonyamuka okha wapansi, aja ankati aselufu. Kalata inkatenga milungu panjira, ikafika kumudzi n'kudikiranso mphunzitsi kapena mwana wasukulu kuti aiwerenge. Tikamamva za amene sanabwererenso timafulumira kuwaweruza kuti anakomedwa ndi moyo wa m'tauni. Ena n'zoonadi. Koma kafunseni akuluakulu kwanu, mukamva kuti ambiri sanachite kukonza zochona. Chaka choyamba ntchito inavuta, munthu n'kunena kuti ndilemba kalata ndikapeza kangachepe koikamo. Chaka chachiwiri manyazi anawonjezeka, poti tsopano anafunika kufotokozanso chimene anakhalira chete chaka choyamba chija. Pofika chaka chachisanu, kalatayo inali italemera moti dzanja silikanathanso kuiyamba. Katswiri wa mbiri yakale Megan Vaughan, amene anafufuza za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, anapeza kuti amayi ambiri ankaikumbukira njalayo ngati chaka chimene amuna anachoka kukasaka chakudya koma osabwereranso.

Zotsatira zake zinadzaonekera kwa ana ndi adzukulu. Kuyambira mu 2000, mafamu a azungu atayamba kulandidwa ku Zimbabwe, ambiri mwa antchito a m'mafamumo anali ochokera m'mabanja amene makolo awo anachoka kuno, ku Mozambique ndi ku Zambia. Ntchito itatha, n'kuwatulutsanso m'nyumba za pafamu, anzawo a konko anabwerera kumidzi ya makolo awo. Iwowa analibe kolowera. Ena ankangodziwa kuti agogo awo anachokera ku Nyasaland, mwina n'kutchulako Mangochi kapena Dedza, koma dzina la mudzi, la mfumu, kapena la m'bale mmodzi wamoyo, ayi ndithu. Timakonda kunena kuti chibale ndi fupa, sichiola. Mwambiwu umakoma pakamwa, koma fupa limene palibe akudziwa pamene linakwiriridwa silithandiza munthu tsiku la tsoka. Ife lero foni tili nazo m'manja, koma kanjira kochonera n'komwe kaja: ndiimba ndikapeza kangachepe.

Mu Malichi 2023 tinadzionera tokha mmene chingwe chathu chilili chowonda. Namondwe wa Freddy anagwa m'chigawo cha kumwera n'kupha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Matope otsika m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe, midzi ina ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe inakokoloka, milatho inaduka, magetsi anazima kwa masiku angapo ndipo mafoni ambiri anazima nawo. Amene tinali kale pakoleji pano, kapena kusekondale zogonera konko, tikukumbukira kuti masiku amenewo palibe anavundikira foni ndi pilo. Anzathu a ku Nkhulambe ndi ku Muloza ankaimba nambala imodzimodzi usiku wonse, osagona, ife titakhala nawo pabedi kusowa chowauza. M'pamene ambiri tinazindikira umphawi wathu wina. Banja lonse la kumudzi, anthu mwina 20 kapena 30, tinkalifikira kudzera pa nambala imodzi yokha. Itazima imeneyo, tinalibe nambala ya mphunzitsi wamkulu wa pasukulu ya m'mudzimo, ya mlangizi wa zaumoyo, ya wagolosale, ngakhale ya a nyakwawa. Ena sitinkadziwa n'komwe dzina la sukulu kapena tchalitchi chimene abale athu akanathawirako, moti ngakhale titamva mayina a misasa ya anthu othawa madzi pawailesi, sitikanadziwa kuti athu ali pati.

Madzi ataphwa, nafenso tinaphwa. Komatu kwa mlimi amene munda wake wakwiririka ndi mchenga ndi miyala, mavuto amayamba atolankhani atachoka. Chaka chotsatira mvula inadula pakati chifukwa cha El Niño, moti mu Malichi 2024 mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pangozi. Apo n'kuti ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza, sopo ndi thiransipoti zonse zitakwera. Njala yotere siphokosera ngati namondwe. Imabwera chokwawa. Nsima ya masana ichoka kaye, kenako ufa woyera usanduka mgaiwa, mgaiwa usanduka madeya, mbuzi igulitsidwa pamtengo wolira, ana ayamba kujomba kusukulu kuti akathandize ganyu. Palibe tsiku limodzi limene munthu anganene kuti lero ndiye ngozi yagwa, choncho palibenso tsiku limene ife timathamangira foni.

Kenako tsiku lina uthenga umagwa pagulu la banja la pa WhatsApp. Gulu limene kwa miyezi inayi linkangolandira zithunzi za maluwa ndi mafuno abwino a tsiku lobadwa limadzuka nthawi yomweyo. Pakangotha maola ochepa, ya bokosi yapezeka, ya galimoto yonyamula maliro yapezeka, ya ufa ndi nyemba zodyetsa anthu pasiwa yapezeka. Banja lomwelo linalephera kusonkha ya ndowa ziwiri za chimanga munthuyo ali moyo. Makolo athu ankakhala duu kuzungulira wailesi nthawi ya mauthenga achisoni pa MBC, poti m'bale wakutali kawirikawiri ankamveka akamwalira. Ife ndi mafoni athu apamwambawa tabwerera pomwepo. Sitikunena kuti abale athu ndi oumira. Nthawi zambiri amakhala sankadziwa, chifukwa panalibe anafunsa, komanso ovutikawo sali pagulupo. Foni yawo ya mabatani silowa pa WhatsApp. Timakambirana za agogo pagulu limene agogowo sanalionepo.

Tikudziwa chimene ena mwa inu mukunena chamumtima: moni sakhutitsa. N'zoona. Munthu amene wagona ndi njala, mawu okoma a mdzukulu wake wa kukoleji samusandukira nsima. N'zoonanso kuti pali abale ena amene amatiyesa olemera kale chifukwa choti anationa pachithunzi titavala jekete, ndipo ukangoyankha foni yawo kamodzi, mawa akuuza za malata, mkuja za njinga. Pali anzathu pano amene amadula ndalama yawo ya chakudya n'kutumiza kumudzi, iwo n'kumalowa m'kalasi m'mimba mukulira. Amenewa sitingawauze kuti sakuchita zokwanira. Koma pempho limene sitingalikwanitse, mankhwala ake ndi kuyankha zoona mwaulemu: "Amalume, pakadali pano ndilibe, fizi sindinamalize. Koma tandiuzani mmene zinthu zilili kumeneko." Mawu amenewa amawawa kanthawi kochepa. Anthu akumudzi kusowa amakudziwa kuposa ife, ndipo munthu wonena kuti alibe amamumvetsa. Amene samumvetsa ndi mwana amene anamugulitsira mbuzi kuti akayambe Fomu 1, lero foni yake ikungoitana osayankhidwa.

Komanso si zoona kuti wopanda ndalama alibe chopereka. Ife tili pamalo pamene nkhani zimafika msanga. Amene amaimba foni mu Meyi akhoza kuchonderera amalume kuti asagulitse chimanga chonse kwa mavenda pamene mtengo uli pansi, poti chimanga chomwecho adzachigulanso mu Febuluwale mtengo utakwera. Mwina samvera, chifukwa ngongole ya kubanki m'khonde siyembekeza, koma thumba limodzi lopulumuka limasunga banja milungu ingapo. Amene amaimba mu Seputembala akhoza kufunsa ngati chiphaso cha unzika cha agogo chilipo, poti popanda chimenecho zipangizo zaulimi zotsika mtengo sagula. Anzathu ophunzira zachipatala amadziwa tanthauzo lake azakhali akati mankhwala a BP anasiya chifukwa amawachititsa chizungulire akamwa osadya, kapena akati mwana wamng'ono watupa mapazi ndipo tsitsi lake layamba kufiira. Kwa akumudzi zimenezi ndi nkhani zocheza chabe, pamene kwa wophunzira unamwino ndi belu loti mwanayo apite kuchipatala mawa lomwe. Tonsefe timawaseka mauthenga a akuba aja akuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, koma mayi amene mwana wake ali ku Joni, ndipo wakhala miyezi osamva mawu ake, akhoza kuwakhulupirira.

Ntchito yaikulu koposa ndi yolumikiza. Achimwene a ku Cape Town amamva za kumudzi kwa munthu mmodzi yekha, amene mwina amachepetsa nkhani kapena kuikulitsa malinga ndi zofuna zake. Achemwali a ku Lilongwe amaganiza kuti a ku Cape Town atumiza. A ku Cape Town amaganiza kuti a ku Lilongwe ali pafupi, aona. Wophunzira amene walankhula ndi agogo eni ake, n'kuuza awiriwa kuti chimanga chatsala cha milungu iwiri yokha, wafikitsa chakudya pakhomo ngakhale sanatulutse tambala.

Koma zimenezi zimafuna kuti tisinthe kafunsidwe. "Muli bwanji?" yankho lake aliyense analiloweza ali mwana. Funso lakuti "Dzulo madzulo munadyera chiyani?" silizembeka. "Kuchigayo munapitako liti?" "Mbuzi zija zatsala zingati?" "Mwana wa achemwali lero wapita kusukulu?" Tizipemphanso kuti foni idutse m'manja mwa ena, chifukwa amene amadziwa pamene ufa wafika m'chidebe ndi azakhali amene amaphika, osati amalume amene amasunga foni. Ndi bwinonso kupangana tsiku lokhazikika, kaya madzulo a tsiku la msika pamene foni yangochajidwa kumene, kuti agogo akhale ali pafupi ndi chulu chija, ndiponso kuti dzina lathu likaoneka pafoni mitima yawo isamadumphe kuti kwagwanji. Tikapita kutchuthi, tisabwerere tisanalembe nambala ziwiri kapena zitatu za anthu ena a m'mudzimo.

Tisaiwale kuti kwa abale athu ena, ofulasha aja ndife. Achimwene amene ali ku Joni amaona dzina lathu pafoni n'kuusa moyo chimodzimodzi, poti amadziwa kuti semesita yatsegulira. Ndi angati mwa ife amene tinawaimbirapo pakati pa semesita, tilibe chopempha, kungofuna kudziwa ngati ntchito yosamalira maluwa ija ikadalipo, ngati mapepala awo ali bwino, ngati chifuwa chija chinasiya? Mu Epulo 2015, anthu obwera atayamba kuchitidwa chipongwe ku Durban, boma linatumiza mabasi kukatenga Amalawi, ndipo ambiri anafika kuno ndi zovala za m'thupi zokha. Mu 2020 ntchito zitaima chifukwa cha Covid-19, enanso anabwerera chimanjamanja. Abale athuwa akamajambulitsa atatsamira galimoto ya abwana awo amakhala akuchita zomwe agogo amachita ponena kuti tilipo. Iwonso ntchito ikatha amazimitsa foni chifukwa cha manyazi, ndipo ngati kwawo sikuchokera foni ina kupatula yopempha, palibe chowakoka kuti aiyatsenso. Machona a masiku ano ena tikuwapanga ndife.

Mnzathu wina wa m'chipinda choyandikana ndi chathu anakhala milungu itatu akuzemba nambala ya kwawo. Tsiku lina madzulo tinamusonkhera ya mayunitsi n'kumuumiriza kuti aimbe ife tili pomwepo. Anali atakonzeratu mawu opepesa ndi ofotokoza za fizi. Foni anayankha ndi amalume ake, amene anatuma mwana kuti athamange akaitane agogo kudimba. Tinadikira mphindi zinayi mayunitsi akutha, tikungomva nkhuku ndi mphepo. Agogo atafika, akupuma wefuwefu, za ndalama sanatchule. Anati anamulota maloto oipa, ndiye chiyambire tsikulo amangofuna kumva mawu ake kuti mtima ukhale pansi. Kenako anafunsa ngati kusukulu kuno mvula ikugwa, poti kwawoko yadula masiku 12 chimanga chitangoyamba kumasula.

Mnzathuyo anafunsa za ufa. Agogo anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Zimenezo ufunse azakhali ako. Ndiwapatse?" Mayunitsi anathera pomwepo. M'mawa mwake, tikupita kukalasi yoyamba, tinamupeza pagolosale ya pageti akugula ena.